Mpini ngwako, kulima nkwako

Mlandu umene ndikufuna kukamba pano unandipeza usiku wina wa mwezi wa Juni, nthawi imene fodya amakhala atagulitsidwa ndipo anyamata amapeza mpata wokhala pansi. Ndinali pakhonde ndikuconga makope a ana a sukulu. M'nyumba munali anyamata awiri, aliyense pa laputopu yake, malaputopuwo atalumikizidwa ndi cingwe, batire ya sola ili pansi pa tebulo. Mwadzidzidzi mpando unagwa, ndipo ndinamva mawu aukali akuti, "Aphunzitsi, bwerani mudzaone! Mwana wanuyu wabera."

Wonenedwayo ndi mwana wa mlongo wanga. Ndimakhala naye kuno ku Chifunde kuyambira pamene analowa sekondale, ndipo poti ndine mtsibweni wake, zabwino zake ndi zoipa zake zomwe zimafikira pa ine. Pamene anali ndi zaka 9, lamba wa cigayo anamulanda zala ziwiri za dzanja lamanzere, kakang'ono ka kumapeto kaja ndi cinzake coyandikana nako. Wonenayo ndi mnzake wa ponda apa nane m'pondepo, mnyamata wogulitsa mamega ndi kutumiza ndalama pa foni pa baraka ina ya pamsika. Kwa miyezi yambiri iye ndiye anali dolo pa masewerawo. Usiku umenewo anagonja katatu motsatizana, ndipo atasuzumira pa laputopu ya mnzakeyo anapeza kuti mabatani sakugwira nchito imene iye amaidziwa.

Kuti mlanduwu umveke, ndiyambe ndafotokoza masewerawo, pakuti ambiri a inu owerenga simunawaonepo. Dzina lake ndi Age of Empires II. Anatuluka mu 1999, anapangidwa ndi kampani ya ku America ya Ensemble Studios ndipo anafalitsidwa ndi Microsoft. Ife timasewera akalewo, pamodzi ndi cigawo coonjezera ca mu 2000 cochedwa The Conquerors, cifukwa ndi amene malaputopu athu okalamba angathe kunyamula. Wosewera amayamba ndi nyumba yaikulu ya pakati pa mudzi, anthu atatu, ndi wokwera pa kavalo mmodzi wokazonda dziko. Anthuwo amawatuma kukasaka cakudya, kudula nkhuni, kukumba golide ndi miyala. Munthu watsopano aliyense amafuna cakudya cokwana 50 ndipo amatenga masekondi 25 kuti atuluke m'nyumba yaikuluyo. Nyumba wamba iliyonse imasunga anthu 5. Mudzi ukakula umapanga asilikali, ndipo amene wapasula mudzi wa mnzake ndiye wapambana.

Pa bawo mumadikirana: iwe utaye, ine nditaye. Pano palibe kudikirana. Pamene iwe ukumanga nyumba, mnzako akukuthira nkhondo kuseri kwa nkhalango, ndipo pamene ukuyang'ana nkhondoyo, anthu ako kumudzi amaliza nchito ndipo angoima manja lende. Dzanja lamanja limakhala pa mausi kuloza malo, lamanzere pa kiyibodi, imene pa Cipwitikizi timati teclado, kupereka malamulo. Malamulowo ali ndi mabatani ake a cidule. Monga anawaikira eni ake, H amakufikitsa pa nyumba yaikulu, C amaitanitsa munthu watsopano, B kenako E amamanga nyumba, ndipo batani la kadontho, la kutali kudzanja lamanja kuja, limakupezera munthu amene wangokhala. Kuti usonkhanitse asilikali m'gulu umagwira Ctrl pamodzi ndi nambala, ndipo Ctrl ali pangodya pamene pamafika kacala kakang'ono.

Mwaona kale pamene panali vuto. Mwana wa mlongo wanga anali ndi zala zitatu zoyendera mtunda umene anzake amayenda ndi zisanu. Cimene anacita n'cakuti analowa pamalo osinthira mabatani, amene masewerawo ali nawo cipangidwire, n'kusonkhanitsa malamulo onse ofunika pangodya imodzi, pa Q, W, E, A, S ndi D. Kupeza munthu wongokhala anakuika pa batani lalitali la pansi, pamene cala cacikulu cimagona. Ctrl anaphunzira kumukanikiza ndi m'mphepete mwa cikhatho. Pa mabatani awiri anamatapo tizidutswa ta pulasitala kuti azimva ndi cala popanda kuyang'ana. Cinyengo cimene ankanenedwa naco cinali cimeneci.

Ndikanatha kumukalipira wonenayo kuti alibe cisoni. Koma mawu ake anali ndi mutu, ndipo woweruza amene samvera mbali imene sakuikonda ndi woweruza wacabe. Iye anati, "Aphunzitsi, ine ndinatha caka cathunthu ndikuphunzitsa dzanja langa kulumpha kucoka pa H kukafika pa kadontho osaphonya. Kuvuta kumeneko ndi mbali ya masewera. Ngati wina afupikitsa njira, ndiye kuti sitikuthamanga mtunda umodzi."

Mnyamatayo sankadziwa kuti akuyenda m'mapazi a anthu ophunzira. Bernard Suits, amene ankaphunzitsa nzeru zakuya pa yunivesite ya Waterloo ku Canada, analemba buku mu 1978 lochedwa The Grasshopper, lofufuza cimene masewera ali. Ganizo lake, m'mawu anga, n'lakuti wosewera amavomera yekha kudzera njira yovuta pamene yapafupi ilipo. Njira yapafupi yolowetsera mpira mu golo ndi kuunyamula m'manja, koma tinagwirizana kuti tiziuponda ndi mapazi, ndipo ukacotsa coletsaco wacotsa mpira weniweniwo. Conco munthu amene amacotsa zovuta m'masewera tiyenera kumuyang'anitsitsa.

Mkangano womwewu unabukapo pakati pa akatswiri. Masewera ena a mtundu umenewu, StarCraft, anatuluka mu 1998 ndipo ku South Korea anasanduka nchito yolipidwa, yoonetsedwa pa wailesi ya kanema, akatswiri ake akupereka malamulo opitirira 300 pa mphindi imodzi. M'masewera amenewo mabatani sankasinthika. Wosewera mtundu wina ankayenera kutambasula dzanja mpaka pa P, kumapeto kwa mzere wapamwamba, nthawi iliyonse akafuna wanchito watsopano. Mu 2017 kampani ya Blizzard inatulutsa masewerawo atakonzedwanso ndipo inalola kusintha mabatani. Osewera anagawanika. Ena ankati luso la zaka zambiri latayidwa m'madzi, ena ankati luso lenileni silinakhalepo pa P.

Ine ndinawauza anyamatawo kuti andipatse usiku umodzi, ndipo yankho ndinakalipeza m'mawa kuseri kwa nyumba, pamene timaimika makasu. Pa nyumba yathu pali makasu anayi. Zitsulo zake n'zofanana, zinagulidwa pa sitolo imodzi. Mipini yake njosiyana. Wanga ngwautali cifukwa ndine wamtali ndipo msana unayamba kudandaula. Wa mayi a kunyumba ngwaufupi ndi woonda. Wa mlongo wanga, umene anausiya atabwera kudzathandiza kupalira, unapindika pang'ono mbali ina cifukwa iye ngwamanzere. Sindinamvepo munthu pa dima akunena kuti uje wamaliza ndime yake msanga cifukwa wabera, mpini wake anausema womuyenera. Wosula amapanga khasu, koma mpini amasema mwini dzanja. Cimene timayesa pa dima ndi ndime yolimidwa, ndipo ndimeyo njofanana kwa onse.

Funso linasanduka lakuti: pa zovuta zonse za m'masewerawa, n'ziti zimene ndi ndime, n'ziti zimene ndi mpini? Ndinayamba kufunsa kumene mabatani a eni akewo anacokera. B anasankhidwa cifukwa ndi lemba loyamba la mawu a Cingerezi otanthauza kumanga, C cifukwa ndi loyamba la mawu otanthauza kulenga. Kwa mwana wa ku Texas, kumene masewerawo anapangidwira, malembawo ndi cikumbutso. Kwa mwana wa ku Mualadzi kapena ku N'sadzo, amene amaganiza m'Cinyanja n'kulemba mayeso m'Cipwitikizi, ndi zizindikiro zongoloweza. Ndondomeko ya malemba pa kiyibodi nayonso inacokera pa makina otayipira a Christopher Latham Sholes, amene kampani ya Remington inayamba kugulitsa mu 1874, kulibe kompyuta, kulibe masewera. Palibe amene anakhala pansi n'kunena kuti mtunda wa pakati pa H ndi kadontho ukhale muyeso wa nzeru za wosewera. Zinangocitika, ndipo zinacitikira munthu wa zala khumi wolankhula Cingerezi.

Ndinaonanso cinthu cimene cinali pamaso pathu masiku onse. Laputopu yanga ndinaigula mumzinda wa Tete, ndipo ili ndi Ç pafupi ndi L monga makiyibodi a Cipwitikizi. Ya mnyamata wa pa barakayo inalowera pa Cassacatiza kucokera ku Zambia, ya Cingerezi, mabatani ake aakulu ndi otalikirana. Kiyibodi imodzi yofanana kwa onse, imene iye ankaiteteza, sinakhalepo ngakhale pa tebulo lathu lomwe.

Madzulo ndinagamula motere. Kusintha mabatani si kubera, pa zifukwa zitatu. Coyamba, khomo losinthira n'lotsegukira aliyense, eni masewera analiika dala. Caciwiri, lamulo lililonse likufunabe kuti cala cikanikize ndipo mutu uganize. Mnyamatayo sanacepetse nchito, wangoyandikizitsa zida. Cacitatu, analipira mtengo wake. Ndinamuona ndi maso anga kwa milungu itatu akugonja ngati mwana, dzanja likuthamangira kumene mabatani anali kale, akumanga khola pamene amafuna nyumba. Ngakhale a Blizzard aja, polola kusintha mabatani, anasiya lamulo lakale lakuti sungasankhe asilikali oposa 12 nthawi imodzi. Anasiyanitsa kuvuta kumene kuli mtima wa masewera ndi kuvuta kumene kunangotsalira.

Ndinaonjezapo cinthu cimodzi. Laputopu yanga amaseweraponso ana ena, conco mwana wa mlongo wanga asunge mabatani akewo pa dzina lake, asasokoneze a anzake. Mwana wamanzere timamusiya alime ndi manzere ake, koma pa mbale ya nsima imene tonse tikudyera timamupempha aganizire anzake. Wodandaula uja ndinamuuza kuti ayese mabatani a mnzakeyo ngati akuona kuti muli mankhwala. Anayesa, ndipo anagonja moipa kuposa kale, zala zake zisanu zikupanikizana pa malo okonzera zitatu. Anaseka yekha n'kunena kuti nkhwangwa yobwereka sicedwa kuguluka. Patapita masiku anakonza ake, ndipo mpikisano unabwerera mwakale, lero uyu mawa uyo.

Nkhani ikanathera pamenepa ndikanakhala mtsibweni wokondwa amene anaweruza mokomera mwana wake ndipo cilungamo cinamuvomereza. Koma patapita miyezi iwiri mwana wa mlongo wanga anayamba kupambana masiku onse. Mudzi wake unkakula mofulumira modabwitsa. Usiku wina ndinaima kumbuyo kwake ndikumwa tiyi, ndipo ndinaona cithunzi ca pa laputopu cikuphethira. Nkhondo ili mkati, cithunzi cinkalumphira ku nyumba yaikulu n'kubwerera msangamsanga ngati mphezi. Ndinawerenga mumtima. Cinaphethiranso patatha masekondi 25. Nthawi imeneyo dzanja lake lamanzere linali m'mwamba, akukanda m'mutu.

Mnzake atapita ndinamufunsa. Anayamba wakana, kenako anandionetsa. Anali atapeza pa intaneti kapulogalamu kochedwa AutoHotkey, kamene munthu amakalembera malangizo kuti kazikanikiza mabatani kokha. Pulogalamuyo payokha njabwino, anthu a m'maofesi amafupikitsira nayo nchito. Iye anailangiza kuti masekondi 25 alionse izipita ku nyumba yaikulu, iziitanitsa munthu watsopano, n'kubwerera kwa asilikali. Ndipo anandiponyera mawu anga omwe. "Atsibweni, si inu munati cida ciyenere dzanja? Ine zala ndilibe. Kameneka ndi zala zanga ziwiri zija."

Mawu amenewo anandilasa, ndipo ndivomere kuti ndinatsala pang'ono kungokhala cete. Ndinalipo tsiku limene anabwera naye kucokera ku cigayo, dzanja litakulungidwa m'citenje ca amayi ake. Mumtima munabwera mawu akuti, dziko linamulanda zambiri, kodi kupambana pa masewera a pa kompyuta n'kanthu? Ndinagona nawo maganizo amenewo, ndipo m'mawa ndinaona kuti cifundo cimeneco cinali ndi cipongwe mkati. Kumulekerera kukanatanthauza kuti ndavomereza zoti sangapambane mwa iye yekha, pamene ndinali nditamuona akupambana ndi zala zitatu, poyera, mnzake akuyang'ana.

Koma kumva mumtima kuti cinthu n'colakwika sikukwanira. Mnyamata wa zaka 17 amafuna cifukwa, ndipo ali ndi ufulu wocifuna. Ndinamukumbutsa za agogo ena a kumudzi kwathu amene ankakonda bawo mpaka manja anayamba kunjenjemera. Njere zinkawapulumuka n'kugwera m'maenje olakwika. Anzawo anavomera kuti kamdzukulu kazikhala pambali, agogowo akaloza dzenje ndi mbali yoyendera, iko kazitaya njerezo. Palibe anadandaula. Koma tsiku limene kamdzukuluko kanakula n'kuyamba kuwanong'oneza agogowo dzenje loti ayambire, bwalo lonse linakana. Dzanja lobwereka analilola. Mutu wobwereka anaukana, cifukwa bawo ndi mpikisano wa mitu.

Tsono mpikisano wa Age of Empires uli pati? Aliyense amene wasewerapo amadziwa kuti kukanikiza H ndi C n'kosavuta. Cobvuta ndi kukumbukira kukanikiza pamene mudzi wako ukupsa, asilikali ako akuthawa, mtima ukugunda. Mdani amakuthira nkhondo mbali ziwiri n'colinga coti uiwale kumudzi. Maganizo a munthu ali ngati madzi a m'ndowa imodzi, ukathira kuno kwina kuuma, ndipo luso lonse lagona pa kagawidwe ka madziwo. Cigayo cinamulanda mnyamatayo zala. Sicinamulande kukumbukira. Mabatani ake atsopano anabwezera cimene cinatayika, pamene pulogalamu ija inamucotsera katundu amene mnzake anali akusenzabe, katundu amene ndiye masewerawo. N'cifukwa cake mipikisano ikuluikulu ya masewera otere imalola munthu kubwera ndi mabatani ake, ngakhale kiyibodi yake, koma imaletsa mapulogalamu okanikiza m'malo mwa munthu.

Pano wowerenga wocenjera angandigwire mawu, ndipo mwana wa mlongo wanga anandigwiradi. Malire amenewa amasuntha. M'masewera a mu 1999 munda ukatha, wosewera ankayenera kukumbukira yekha kuubzalanso. Cigawo ca mu 2000 cinalola kulipiriratu minda ingapo kuti izibzalidwanso yokha. Masewera okonzedwanso a mu 2019 anafika polola kuti minda izingobzalidwa mpaka kalekale nkhuni zikakhalapo. Kukumbukira kumene dzulo kunali luso, lero makina akukumbukira. Nanga pulogalamu yake yalakwa ciani, ngati mawa eni ake angaike zomwezo?

Yankho langa n'lakuti malamulo a masewera sanatsike kumwamba. Ndi pangano, ndipo pangano limasinthika. Bawo amene timasewera kuno amasiyana pang'ono ndi wa kunyanja, ndipo nchuwa ya pa mcenga ili ndi malamulo akeake. Koma pangano amasintha ndi onse amene analipanga, poyera, masewera asanayambe. Minda ikamadzibzala yokha kwa onse awiri, mpikisano wangosamukira pena, ndipo onse akudziwa pamene wasamukira. Munthu mmodzi akasintha yekha mwakacetecete, mnzake akusewera masewera ena, iye akusewera ena, ndipo kupambana kwake sikunena kanthu za iye. Mnyamata wa pa baraka uja ankapita kwawo usiku uliwonse akudziona wopepera, osadziwa kuti akulimbana ndi anthu awiri, wina wosatopa ndi wosaiwala.

Ndinamufunsa mwana wa mlongo wanga funso limodzi. "Mabatani ako aja unkaonetsa aliyense, mpaka unkanyadira. Bwanji kapulogalamuka sunamuonetse mnzako?" Sanayankhe. Sindikunena kuti ciliconse cobisika n'coipa. Iye yemweyo kwa zaka zambiri ankabisa dzanja lake m'thumba pamaso pa alendo, ndipo pamenepo panalibe chimo, anali manyazi amene sanayenere kukhala nawo. Kubisa kumene ndikunena ndi kwina: kubisira munthu cinthu cimene ukudziwa kuti akacidziwa sangavomere kupitiriza. Kubisa kotero kumasonyeza kuti mwini wake waweruza kale mlandu mumtima mwake.

Mwina wina afunsa cifukwa cimene mphunzitsi wamkulumkulu akutayira inki pa masewera a ana. N'cifukwa cakuti funso lomweli ndimakumana nalo m'kalasi. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zinenero ziwiri, Cicangana ku Gaza ndi Cinyanja kuno ku Tete, ndipo mu 2003 maphunziro otere analowa m'ndondomeko ya sukulu za dziko lino. Ndinamvapo makolo ena akunena kuti kumeneko n'kufewetsera ana, kuti sukulu yeniyeni ndi ya Cipwitikizi cokhacokha. Ine ndimati kumeneko n'kusema mpini. Mwana akamva masamu m'cinenero ca amayi ake, samuyo amaiwerengabe yekha. Koma masiku ano mwana yemweyo akhoza kufunsa foni kuti imulembere cimangirizo conse, n'kubwera naco kwa ine cosalala ngati ca m'buku. Onse awiri amati athandizidwa ndi cida. Wina cida camufikitsa pa nchito, wina camucotsapo. Zida zikamacenjera, tidzafunika kusiyanitsa ziwirizi kawirikawiri, kumunda, ku cipatala, ku ofesi, ndipo ndi bwino kuphunzira kusiyanitsako pa zinthu zazing'ono zimene sizipha munthu.

Sindinafufute pulogalamuyo ndi dzanja langa, ngakhale laputopu ndi yanga. Ndinamuuza kuti zinthu ziwiri zili kwa iye: kuicotsa, ndi kukamuuza mnzake. Coyamba anacita usiku womwewo. Caciwiri cinamutengera masiku anayi, akuzungulira pamsika osafika pa barakapo. Atanena, mnzakeyo sanakalipe. Anangoti, "Ndiye masiku onse aja?" n'kupitiriza kuwerenga ndalama zake. Kwa milungu iwiri sanaponde pakhomo pathu. Mwana wa mlongo wanga ankasewera yekha ndi kompyuta, ndipo ndinaona kuti kupambana makina sikunkamukoma. Cimene anataya cinali munthu woti amugonjetse moona, ndipo munthu wotero sagulidwa pa sitolo.

Ndiyenera kunenanso mbali yanga. Pa mlandu woyamba ndinalankhula bwino za mpini, koma sindinanene za ndime. Ndinamupatsa theka la coonadi cifukwa theka limenelo linkakomera mwana wanga ndipo linkandikomera ine. Mnyamata wa pa baraka uja analakwitsa ponena kuti kusintha mabatani n'kubera, koma mantha ake anali oona: ankaopa kuti tikayamba kucotsa zovuta sitidzadziwa polekezera. Ndikanamumvetsa mpaka pansi tsiku lija, ndikanaika malire onse awiri nthawi imodzi, ndipo mwina mlandu waciwiri sukanabadwa.

Anabwerera Loweruka lina madzulo, laputopu ili m'cikwama, osanena zambiri. Asanayambe anatembenuzirana malaputopu, aliyense kuona za mnzake, ndipo mwambo umenewo ulipobe mpaka lero. Pangano lawo ndi lalifupi: batani uliike pamene ukufuna, koma kukanikiza kumodzi kukhale lamulo limodzi, ndipo cala cikhale cako. Anyamata ena awiri alowa nawo, mmodzi wamanzere amene amagwira mausi ndi dzanja lamanzere ndipo mabatani ake onse anawasamutsira kumanja.

Usiku wa Loweruka limenelo ndinaimanso kumbuyo kwa mwana wa mlongo wanga. Nkhondo itafika pacimake, apakavalo a mnzake atalowa pakati pa odula nkhuni, nyumba yake yaikulu inaima duu kwa mphindi yathunthu osatulutsa munthu. Ndinaona, ndipo lilime linandiyabwa, koma ndinakumbukira kamdzukulu ka pa bawo kaja n'kumeza mawu. Anazindikira mocedwa, anadzimenya pamphumi ndi zala zake zitatu, ndipo anagonja. Batire inali itatsala pang'ono, nyale ikuyamba kufiira. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Atsibweni, tizimitse nyaleyi kuti moto ukwanire. Tikufuna kubwereza kamodzi." Ndinatenga makope anga n'kukamalizira pakhonde ndi tochi ya pa foni.